Kodi tinene kuti mathanyula pophunzitsa kutchalitchi?

Funso: Ndine katekisiti pa parishi ina kufupi ndi Ulongwe, kuno ku Angónia. Achinyamata okonzekera Ulimbitso anandifunsa zimene Mpingo umaphunzitsa za amuna okopeka ndi amuna anzawo komanso akazi okopeka ndi akazi anzawo. Katekisimu amene ndili naye ndi wa Chipwitikizi. Pomasulira ndinati mathanyula, ana onse n'kufa nazo kuseka. Kodi mawu oyenera alipo?

Yankho: Aphunzitsi, mawu amenewo musiyane nawo m'kalasi la katekisimu. Mathanyula amatchula mchitidwe, ndipo ndi mchitidwe wa amuna okha. Akuluakulu ambiri akawamva amaganiza za kundende ndi za makomboni a kumigodi ya ku Joni, kumene wamphamvu ankatha kuumiriza wamng'ono. Simungawanene kwa mtsikana. Simungawanenenso kwa mnyamata amene sanachitepo kanthu ndi munthu aliyense, amene akungolimbana ndi zimene akumva mumtima. Ndipo mwina mmodzi mwa ana amene ankasekawo ankasekera limodzi pofuna kuti anzake asamudziwe.

Tsegulani katekisimu wanuyo, amene anatuluka mu 1992, pa ndime 2357 mpaka 2359. Akusiyanitsa zinthu zitatu: munthu, kukopeka kwa mtima wake, ndi zochita. Ndime 2357 ikukana zochitazo. Ndime 2358 ikunena za anthu eni ake, kuti alandiridwe mwaulemu, mwachifundo ndi mosamala, ndipo asasalidwe mopanda chilungamo. Ndime 2359 ikuwaitana kuti adzisunge. Mukaphimba zitatu zonsezi ndi liwu limodzi la mathanyula, anawo amva ngati Mpingo ukudzitsutsa: uku ukuletsa, uku ukuti landirani.

Akatolika a maiko ena akhala akukangana pa nkhani yomweyi. Gulu la Courage, limene linayamba ku New York mu 1980, limasankha kunena za kukopeka, poti munthu sayenera kutchedwa ndi dzina la zimene akumva. Kalata ya ku Vatican ya mu 1986, yosainidwa ndi Kadinala Joseph Ratzinger, inanenanso kuti munthu sangafotokozedwe mokwanira pongoyang'ana amene amakopeka naye. Ena akuti ulemu ndi kuitana anthu ndi dzina limene adzisankhira okha, lakuti gay, ndipo amakumbutsa kuti Papa Francis analitchula mu 2013 ali m'ndege pochokera ku Rio de Janeiro. Mkangano umenewu kwathu kuno ukukhala pena, chifukwa maina amene tili nawo m'misika ndi m'mabala onse ndi achipongwe.

Ine ndikuti yambani ndi liwu lakuti munthu: "munthu amene mtima wake umakopeka ndi amuna anzake," kapena "ndi akazi anzake." N'zazitali, koma Chinyanja chathu sichiopa kufotokoza. Pamene mukunena za zochita, nenani poyera kuti "kugonana amuna okhaokha" kapena "akazi okhaokha," monga amanenera a zaumoyo pawailesi, koma osagwiritsa mawu amenewa potchula munthu amene simukudziwa za moyo wake.

Palinso mawu amene amaoneka ofatsa koma ali ndi msampha. Chilakolako m'makutu mwa Mkhristu ndi tchimo kale. Khalidwe limanena za zimene munthu amachita kawirikawiri. Chibadwa chikugamula nkhani imene katekisimu sanaigamule, pakuti ndime 2357 ikuti gwero lake silinadziwike bwino. Ndipo musasokoneze tchimo ndi mlandu. Kuno ku Mozambique lamulo linasiya kulanga zimenezi mu 2015, pamene kutsidya kwa malire, ku Malawi, malamulo akale adakalipo. Wailesi zambiri zimene timamvera ndi za tsidya limenelo, n'chifukwa chake mawu a kukhoti amatilowerera mpaka m'mphakati.

Funso: Zikomo bambo. Ndimathandiza kumasulira mapepala a gulu la amayi kutchalitchi kwathu ku Zóbue. Pa ndime 2359 pali mawu akuti amizade desinteressada. Mnzanga analemba kuti "chibwenzi chopanda chidwi." Sizikundimvekera.

Yankho: Makutu anu sakukunamizani, mayi. Chibwenzi ndi chimene Apwitikizi amati namoro, cha mnyamata ndi mtsikana, ndipo nthawi zina chamseri. Amizade ndi ubwenzi. Desinteressada pamenepa sakutanthauza kusowa chidwi, akutanthauza kusafunapo phindu. Lembani kuti "ubwenzi wosafuna phindu," kapena "ubwenzi weniweni wosayembekezera kubwezeredwa kanthu." Ndimeyo ikuti ubwenzi wotere, pamodzi ndi pemphero ndi masakramenti, umathandiza anthu oitanidwa kudzisungawo kuyandikira pang'onopang'ono ungwiro wachikhristu. Chomwe analemba mnzanucho chikanawatumiza kumene ndimeyo ikuwaletsa.

Chovuta ndi liwu lakuti bwenzi, lomwe laima pakati pa ubwenzi ndi chibwenzi. Mtsikana akati "bwenzi langa," anthu amayang'anana. N'chifukwa chake ambiri athawira kwa mnzanga. Koma mnzanga ndi aliyense: wokwera naye njinga yakabaza, wolima naye mbatatesi kudimba, wophunzira naye kalasi limodzi. Bwenzi ndi uja amene umamuuza zakukhosi. Pa Yohane 15:15 Yesu akuti satchanso ophunzira ake antchito koma abwenzi, chifukwa wawauza zonse zimene anamva kwa Atate ake. Pa 1 Samueli 18 tikumva kuti Yonatani anakonda Davide monga ankadzikondera iye mwini, mpaka anamupatsa mwinjiro wake, lupanga ndi uta.

Zimandiwawa kuona kuti mantha a nkhani imeneyi ayamba kudya ubwenzi wotere. Amuna awiri ankayenda atagwirana manja popita kumsika wa Lizulu, wina osatembenuka n'komwe. Amayi ankapangana chinjira, kupatsana nsalu ndi mbale, kuthandizana pamaliro ndi paukwati mpaka kukalamba. Lero anyamata awiri akamakhalira limodzi kwambiri, manong'onong'o amayamba. Pa pepala lanulo lembani ubwenzi, ndipo pamene pakufunika bwenzi lembani bwenzi, musalisinthe kukhala mnzanga poopa pakamwa pa anthu.