Kamuvi kakamaima mukamalemba, musafulumire kusinthitsa touchpad

Amayi, ndawerenga funso lanu. Mwati laputopu ya bungwe lanu la maliro ku Mabvuku ikuvuta: mukamalemba mayina ndi zopereka za mamembala mu Excel kamuvi kamaima, chala chikuyenda koma pa sikirini palibe chosuntha, ndipo wina m'tauni wakuuzani kuti touchpad, kamalo kosalala koyendetsera kamuvi ndi chala, inafa, pafunika kugula ina. Ndalama zimenezo anthu amasonkha poganizira tsiku la misozi, ndiye chonde musazitulutse kaye. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta kuno ku Harare, ndipo malaputopu ambiri amene amandipeza ndi dandaulo limeneli sakhala owonongeka ayi. Amakhala akuchita zimene anawakonzera kufakitale.

Touchpad siimva kulemera kwa chala ngati batani. Pansi pa kamalo kosalala kaja pali timizere ta magetsi tambirimbiri topingasana, ndipo khungu la munthu likayandikira, mphamvu ya magetsi pamalopo imasintha pang'ono, kompyuta n'kudziwa pamene chala chili. Tsono chikhatho nachonso ndi khungu. Pamene mukulemba, nyama ya m'munsi mwa chala chachikulu imakhudza m'mphepete mwa touchpad inu osazindikira. Kompyuta ikanati izimvera kukhudza kulikonse, bwenzi kamuvi kakudumphira mzere wina, ndalama ya mayi a ku Tafara n'kukalembedwa pa dzina la bambo a ku Epworth. Pofuna kupewa zimenezi, opanga anaikamo lamulo lakuti kiyibodi ikangodinidwa, touchpad itseke makutu kwa kanthawi kochepa. Munthu wolemba kalata yaitali sazindikira n'komwe kuti lamuloli lilipo. Koma inu ntchito yanu ndi ina: mumalemba nambala, n'kuthamangira kamuvi, n'kulembanso nambala. Mukugwera ndendende m'kanthawi kamene touchpad yauzidwa kuti isamve.

Yesani izi musanachite china chilichonse. Chotsani tchaja, laputopu ikhale pa batire lokha. Lembani mawu angapo, kenaka chotsani manja onse awiri, muwerenge mumtima mpaka katatu, ndipo muyendetse chala chimodzi pakati pa touchpad. Kamuvi kakayenda bwinobwino, dziwani kuti palibe chimene chafa. Chinthu chakufa sichidzuka chifukwa choti mwachidikira masekondi atatu.

Zikatero, kukonza kwake n'kwaulere. Mawu a mu Windows ndiwalemba m'Chingerezi monga mmene muwaonere pa sikirini kuti musasochere. Dinani batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows pamodzi ndi chilembo I, patseguka Settings. Ngati muli ndi Windows 10, pitani pa Devices kenaka Touchpad. Ngati ndi Windows 11, pitani pa Bluetooth & devices, kenaka Touchpad, n'kutsegula pamene palembedwa Taps. Mupeza mawu akuti Touchpad sensitivity, ndipo pali zosankha zinayi: Most sensitive, High sensitivity, Medium sensitivity ndi Low sensitivity. Malaputopu ambiri amabwera ali pa Medium. Mawu amenewa amasokoneza anthu, chifukwa munthu amaganiza kuti akunena za liwiro la kamuvi, pomwe kwenikweni akunena za mmene kompyuta ikukayikirira chikhatho chanu mukamalemba. Mukaika pa Most sensitive, kudikira kuja kumatha. Pa Windows 8.1 ndi pa Windows 10 yoyambirira, malo omwewa analembedwa mosavuta kumva: No delay, Short delay, Medium delay, Long delay. Mukapeza zimenezo, chimene mukufuna ndi No delay kapena Short delay.

Koma ine sindikulangizani kuti muyambire pa Most sensitive. Yambani ndi High sensitivity, mulembe nayo tsiku lathunthu. Chifukwa chake n'chakuti mukachotseratu mlonda uja, vuto limene ankaletsa limabwerera, ndipo pa buku la ndalama za anthu, kamuvi kodumpha mwakachetechete n'koopsa kuposa kamuvi koima. Kakaima mumaona ndi maso, mumadikira. Kakadumpha simuona, mudzazindikira pa msonkhano wa kumapeto kwa mwezi pamene wina akuti ine ndinapereka koma dzina langa lilibe kanthu. Ngati High sikukukwanirani ndipo mwaika pa Most sensitive, chitaninso ichi pa tsamba lomwelo: chotsani kachizindikiro pa mawu akuti Tap with a single finger to single-click. Mukatero, kugunda pang'ono pa touchpad sikusankhanso kanthu, mpaka mutadinadi pansi kumveke kuti tha. Chikhatho chikhoza kusuntha kamuvi, koma sichingakuchotseni mu bokosi limene mukulembamo. Imeneyi ndi njira imene ndimaikira anthu olemba mabuku a ndalama, ndipo amakhutira nayo.

Tsopano malaputopu ambiri amene timagula kuno ndi akale, aja anagwirapo ntchito m'maofesi a kunja, ma HP EliteBook ndi ProBook, ma Dell Latitude, ma Lenovo ThinkPad. Ena mwa amenewa mukatsegula tsamba la Touchpad simupeza zambiri, chifukwa touchpad yawo si ya mtundu umene Microsoft imautcha Precision Touchpad, umene unayamba ndi Windows 8.1 mu 2013. Pa Windows 10, ikakhala ya mtunduwu pamwamba pa tsambalo pamalembedwa kuti Your PC has a precision touchpad. Mawuwo akasowa, ndiye kuti touchpad ikuyendetsedwa ndi pulogalamu ya kampani imene inaipanga, kawirikawiri Synaptics, ELAN kapena Alps. Dinani Additional settings, kapena tsegulani Control Panel n'kusankha Mouse, ndipo muyang'ane tsamba lomaliza kudzanja lamanja. Pa Synaptics limatchedwa Device Settings. Lowani mu Settings mufufuze mawu akuti PalmCheck, pena amalemba SmartSense. Pa ELAN amalemba PalmTracking, pa ma Dell ena TouchGuard. Mayina ndi osiyana koma chinthu ndi chimodzi, ndipo pamakhala kachingwe kokoka. Kokerani cha ku Minimum pang'onopang'ono, dinani Apply, muyese. Tsamba limenelo likapanda kupezeka, nthawi zambiri ndiye kuti wogulitsa anaikamo Windows yatsopano osaikamo driver ya touchpad, pulogalamu imene imaiyendetsa. Imeneyo imatengedwa kwaulere pa webusaiti ya HP, Dell kapena Lenovo, polemba nambala ya mtundu wa laputopu imene ili pa kapepala kapansi. Musatenge pa mawebusaiti ena amene amalonjeza kukonza madriver onse nthawi imodzi. Amadzaza kompyuta ndi zinyalala, data n'kuthera pomwepo.

Kwa ana athu a ku University of Zimbabwe ndi ku Harare Polytechnic amene ali m'gulu muno ndipo amagwiritsa ntchito Ubuntu, nkhani ndi yomweyi, dzina lake ndi disable while typing. Mukalisowa mu Mouse & Touchpad, lembani mu terminal kuti gsettings set org.gnome.desktop.peripherals.touchpad disable-while-typing false. Ndipo anyamata amene mumadandaula kuti pa gemu mukagwira batani la W kamuvi sikatembenuka, gwero lake ndi lomweli.

Nanga mukawerenga mpaka katatu kamuvi n'kukhalabe chiimire? Poyamba yang'anani mzere wa mabatani a pamwamba, kuyambira F1 mpaka F12. Limodzi limakhala ndi kachithunzi ka touchpad, ndipo limaizimitsa ndi kuiyatsa. Pa ma Acer ambiri ndi F7, pa ma ASUS ambiri F9, pa ma Lenovo IdeaPad ambiri F6, pena podina pamodzi ndi Fn, pena palokha. Munthu wolemba manambala pa mzere wa pansi pake chala chimaterereka mosavuta n'kuligunda. Ma HP akale ali ndi kawo kachinsinsi: pa kona ya pamwamba kumanzere kwa touchpad pali kadontho, mukakagunda kawiri touchpad imazima ndipo kanyali kofiirira kamayaka. Gundaninso kawiri, idzuka. Ndinalandirapo mnyamata wa ku Chitungwiza amene anali atalipira kale kwina kuti amusinthire touchpad, yatsopanoyo n'kuyambanso khalidwe lomwelo patangopita masiku. Kanali kadontho kameneka. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndalamazo anachita kubwereka ndipo anali ndi ntchito ya kusukulu yoti apereke.

Pali zinthu ziwiri zimene zimakhala vuto lenileni, ndipo kuno kwathu zimachitika kwambiri chifukwa cha mmene magetsi amayendera.

Choyamba ndi tchaja. Ndinakuuzani dala kuti poyesa muichotse. Popeza touchpad imagwira ntchito poyeza kusintha kochepetsetsa kwa magetsi, tchaja yachinyengo kapena yotopa imalowetsa phokoso la magetsi m'thupi la laputopu, touchpad n'kusokonezeka. Kamuvi kamanjenjemera, kamadumpha, pena kamaimiratu, makamaka manja onse akagona pa laputopu monga mmene amakhalira polemba. Zimachitikanso magetsi akazima anthu n'kulumikiza ku jenereta kapena ku inverter yotchipa ija ya modified sine wave, kapenanso pa ekisitenshoni imene ilibe waya wa earth, pulagi ya mano atatu koma m'kati mawaya awiri okha. Ndiye yesani kawiri, pa batire lokha komanso tchaja ili m'kati. Ngati pa batire zonse zili bwino koma mukalumikiza zayamba, touchpad ilibe mlandu. Yesani soketi ina ya pakhoma. Zikapitirira, bwerekani tchaja yeniyeni ya mtundu womwewo muone kusiyana kwake. Pogula ina werengani manambala a pa yakaleyo kapena a pansi pa laputopu: ma HP ndi ma Dell ambiri amafuna 19.5V, ma Lenovo ambiri 20V, ndipo mawatsi, kaya 45W, 65W kapena 90W, asachepere pa amene laputopu inabwera nawo. Ku Gulf Complex ndi m'mashopu ena m'tauni matchaja ndi mbwee, abwino ndi oipa ali pa shelefu imodzi, choncho pitani ndi laputopu yomweyo, mulumikize pomwepo, muyendetse kamuvi musanatulutse dola.

Chachiwiri ndi chimene ndikufuna mumvetsetse koposa zonse, amayi, chifukwa chimakhudza moyo. Malaputopu opyapyala a masiku ano batire lake lili m'kati, ndipo pa ambiri limagona pansi penipeni pa touchpad. Batire likakalamba, makamaka likamakhala pa moto usana ndi usiku ndiponso likamatenthedwa, monga kutentha kwa mu Okutobala laputopu ili pa bulangete, limatupa ngati mkate. Likatupa limakankha touchpad kuchokera pansi, ndiye mukatsamiritsa manja polemba zinthu zimapanikizana, kamuvi n'kuima kapena kuyamba kusankha zinthu kokha. Ikani laputopu pa tebulo losalala, muyang'ane cha m'mbali. Ngati touchpad yatukuka kuposa malo oizungulira, ngati kudina kwalimba sikukumvekanso kuti tha, ngati laputopu ikugwedera pa tebulo kapena m'mphepete mwayamba kutseguka, zimitsani, chotsani tchaja, ndipo musaitchajenso. Musakanikize kuti ibwerere m'malo, ndipo wina asayerekeze kuboola batirelo kuti mpweya utuluke, limayaka moto wovuta kuzima. Lisatayidwenso kudzala kumene anthu amawotcha zinyalala. Apa m'pamene ndalama ya bungwe iyenera kutuluka, ndipo ikhale yogulira batire, chifukwa kawirikawiri batire lotupalo likachoka touchpad imabwerera m'malo mwake n'kumagwira ntchito ngati kale.

Manja nawonso muwaone. Thukuta, madzi, kapena mafuta odzola ochuluka zimasiya chinyezi pa touchpad ndipo imayamba kumva zala zimene palibe. Pukutani ndi kansalu kofewa kouma, laputopu ili yozima. Tebulo likakhala lalitali kwambiri manja amagona pa laputopu, choncho mpando wokwererapo pang'ono umathandiza kuti zikhatho ziziyandama.

Pa ntchito yanu ya mu Excel, mungathenso kuchepetsa kudalira kamuvi. Batani la Tab limakupititsani ku bokosi la kumanja, Enter ku bokosi la pansi, timivi tinayi ta pa kiyibodi kulikonse kumene mukufuna, ndipo Ctrl ndi Z zimabweza chimene mwalakwitsa. Mausi ya waya ya USB nayonso ndi yotchipa kuposa touchpad yatsopano, ndipo kwa munthu wolemba mayina ambirimbiri imapepuza dzanja. Mukaigula, pa tsamba lija la Touchpad chotsani chizindikiro pa Leave touchpad on when a mouse is connected, kuti mausi ikalowa touchpad izizima yokha.

Zonsezi zikakanika ndipo laputopu ikufunikadi kutsegulidwa, mwina kalamba kopyapyala kolumikiza touchpad ndi bolodi kamasuka, ntchito imene ndi yongobwezeretsa. Koma isanachoke m'manja mwanu, koperani buku la bungwe pa flash, komanso mudzitumizire nokha pa imelo kapena pa WhatsApp. Mayina ndi ndalama za mamembala zisagone ku shopu popanda kope lina kunyumba. Mukayesa, mundiuze muno zinthu zitatu: mtundu ndi nambala ya laputopu monga zalembedwera pa kapepala kapansi, ngati kamuvi kanayenda mutawerenga mpaka katatu, ndiponso ngati panali kusiyana tchaja itachotsedwa. Mukajambulanso touchpad cha m'mbali n'kuika chithunzicho muno, nditha kuona ngati batire latupa.