Mwa Ma Tweeter Akale Atatuwa, Mukhomere Iti M'bokosi?

Bambo wina wa ku Highfield, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, wandilembera imelo yofunsa nzeru. Akuti akukhoma yekha mabokosi awiri a masipika a pabalaza, ali kale ndi ma woofer (masipika otulutsa mawu apansi) a mainchesi 8, ndipo atayendayenda kumsika wa Siyaso ku Mbare wapeza mapeya atatu a ma tweeter (timasipika totulutsa mawu apamwamba) akale: a pepala ochotsedwa mu gumbagumba, a KEF T27, ndi a lipenga a Electro-Voice T35. Akufuna kudziwa amene ali abwino koposa.

Bambo, amene ayenera kusankha tweeter si inu kapena ine, koma woofer imene muli nayo kaleyo, chifukwa ziwirizi zimalandizana mawu, ndipo pamalo polandizanapo m'pamene mabokosi ambiri odzikhomera amalakwikira. Woofer ya mainchesi 8 ikafika cha ku 2 kHz (muyeso wa kukwera kwa mawu) imayamba kuponya mawu kutsogolo kokha, moti munthu wokhala chakumbali samva bwino mawu a woimba. Choncho mufunika tweeter yotha kulandira ntchito cha ku 3 kHz popanda kupsa, komanso yosaposa mnzakeyo mphamvu.

Za a pepala sindichedwapo. Amalira mofatsa ndipo sapweteka m'makutu, koma pepalalo n'lolemera komanso n'lalikulu, kotero mawu apamwamba kwambiri, monga a zitsulo za ng'oma, amazimirira mukangopatuka pang'ono pamaso pa bokosi. Asungireni wailesi ya kukhitchini.

A lipengawo ndi amene amakopa anthu, ndipo sindikuwanyoza, pakuti ngakhale kampani ya Klipsch inkaika tweeter ya mtundu umenewu m'masipika ake akuluakulu. Vuto lake ndi mphamvu. T35 imatulutsa mawu opitirira 100 dB (muyeso wa kukula kwa mawu) ikalandira watt imodzi yokha, pamene ma woofer ambiri a m'nyumba amathera pakati pa 87 ndi 90 dB. Mukaziphatikiza popanda ma resistor oifooketsa, gitala ya sungura idzakulasani m'makutu ngati singano, besi n'kumveka ngati ikuchokera kwa aneba. Wogulitsa akakweza mtengo ponena kuti maginito ake ndi a alnico (chitsulo chosakaniza chokhala ndi cobalt), dziwani kuti zimenezi zimasonyeza zaka zake basi. Makampani ambiri anasiya alnico cha m'ma 1978, nkhondo ya ku Kolwezi m'dziko la Zaire (DRC ya lero) itadulitsa kwambiri cobalt, ndipo maginito a ferrite amene analowa m'malo mwake nawonso amatha kuimba.

Ine ndikanatenga T27. Kachipewa kake kozungulira, kopangidwa ndi pulasitiki yopyapyala yotchedwa Melinex, n'kotambalala mamilimita 19 okha, ndipo kuchepa kumeneku n'kumene kumachititsa kuti mawu amwazikire chipinda chonse. Maganizo ogwiritsa ntchito kachipewa m'malo mwa pepala anatchuka ndi sipika ya AR-3 ya Edgar Villchur mu 1958. T27 ndi imene ili mu LS3/5A, kasipika kotchuka ka BBC, koma chofunika kwambiri kwa inu n'chakuti a KEF eni ake ankaiphatikiza ndi woofer yawo ya mainchesi 8, B200, m'masipika monga Chorale ndi 104. Njira imene mukufuna kudutsayo inapondedwa kale.

Komabe musaipatse capacitor (kachipangizo kotchinga mawu apansi) imodzi yokha ngati mmene amachitira amisiri ambiri kuno. Ndinachitapo zimenezo zaka zapitazo, ndikudziona ngati ndapulumutsa ndalama. Ana atakweza voliyumu pa Khirisimasi ndinangomva kafungo ka vanishi wopserera, mbali ya kumanzere n'kukhala ngati aiphimba ndi bulangete. Capacitor imodzi imalola mawu apansi ambiri kudutsa, ndipo kawaya ka koyilo ya tweeter n'kopyapyala ngati tsitsi. Ikani crossover (chipangizo chogawa mawu pakati pa woofer ndi tweeter) yokhala ndi capacitor ndi koyilo, kapena ma capacitor awiri ndi koyilo pakati pawo, yodula cha ku 3 kHz.

Zonsezi zikudalira ngati ma T27 amenewo akadali amoyo, poti ndi akale kwambiri. Mukabwerera ku Siyaso mutenge mita yoyezera ma ohm m'thumba. Tweeter yolembedwa kuti ndi ya ma ohm 8 iyenera kuonetsa pafupifupi 6, ndipo ziwirizo zisasiyane kwambiri. Mita ikapanda kusuntha ndiye kuti koyilo inaduka. Muyang'anitsitse kachipewako padzuwa, moipendeketsa, chifukwa pamene panabonyoka ndi chala cha mwana wina n'kukokedwanso ndi tepi pamatsala kamzere koyererako. Muonenso timawaya tiwiri tochokera pakachipewa kupita ku mapini, poti nthawi zambiri timadukira pamenepo.

Musalole kuti wogulitsa aiyese poilumikiza ku ampulifaya mwachindunji, ngakhale atalumbira kuti amatero tsiku lililonse. Nyamulani capacitor ya 4.7 µF, muilumikize pa waya umodzi, voliyumu ikhale pansi, ndipo muimvere tweeter iliyonse payokha mutaiyandikitsa kukhutu. Imodzi ikamalira motsika kuposa inzake, kapena ikamanjenjemera ngati muli mchenga, isiyeni peya yonseyo, mutenge a lipenga aja pamodzi ndi ma resistor ake.