Funsani Azakhali: Takumana ndi mnzanga wakalekale koma tasowa chokamba

FUNSO: Zikomo Azakhali. Ndili ndi mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi ku pulayimale, kubwerekana bolopeni, kupatsidwa chibalo limodzi tikachedwa, mpaka aphunzitsi ankatiyesa mapasa. Tinasiyana mu 2003 makolo ake atasamuka. Chaka chatha anandipeza pa Facebook ndipo ndinasangalala koopsa, koma titakumana tinangokumbutsana zakale pang'ono basi kenako zii, aliyense maso pafoni. Kodi ubwenzi wathu unatha? Ndine Wodandaula.

YANKHO: Mwana wanga, mtima m'malo. Munthu amene unakumana nayeyo si kamwana ka padesiki kaja ayi, ndi munthu wamkulu amene wadutsa m'zambiri iwe kulibe, mwina banja, mwina maliro, mwina ngongole zomusowetsa tulo, ndiye ukufuna nonse mungoyambira pomwe munalekezera ngati munasiyana dzulo? Sizitheka.

Katswiri wina wa ku yunivesite ya Oxford ku England, Robin Dunbar, amati munthu amatha kusunga ubale ndi anthu pafupifupi 150, koma apamtima enieni amakhala ngati 5 okha. Malo amenewo amafuna kumaonana pafupipafupi, inu zaka zoposa 20 osaonana.

Inenso zinandichitikirapo ndi mnzanga wa kusukulu, tsiku loyamba tinangoyang'anana ngati alendo, manyazi okhaokha. Kachiwiri ndinasiya za kusukulu n'kumufunsa za ana ake, eee anayankhula mpaka kunja kunada.

Ndiye muimbire, osati timauthenga ta pa WhatsApp tomangoti "bobo" ayi. Mupangane tsiku lina, mafoni akhale m'chikwama, ndipo umufunse zomwe zikumuchitikira panopa.