Yankho kwa achimwene amene afunsa za sukulu za mishoni za ku Canada

Achimwene, funso lanu ndalimva motere: ifenso tinaphunzira sukulu za mishoni zogonera komweko, chikwapu tinachilawa, m'munda tinalima, koma tinatuluka anthu, nanga a ku Canada akulirira chiyani mpaka Papa kukapepesa, kodi si ndalama akufunazi? Sindikukayika kuti mwafunsa ndi mtima wabwino. Koma zimene zinachitika kumeneko ndi zina, ndiye ndikupemphani muwerenge mpaka pansi.

Inu kusukulu anakutumizani ndi makolo anu. Mwina anachita kugulitsa mbuzi kuti fizi ipezeke, ndipo holide ikakwana munkapita kwanu, kukadya nsima ya amayi n'kumacheza m'chinenero chanu. Sukulu za ku Canada zinamangidwa ndi cholinga china: kuchotsa ana a eni nthaka, monga a Cree, Ojibwe, Mohawk, Inuit ndi Métis, m'manja mwa makolo awo kuti aiwale chinenero ndi miyambo ya kwawo. Akuluakulu a boma ankanena zimenezi poyera, osabisa. Boma linkapereka ndalama, mipingo n'kumayendetsa. Sukulu zambiri zinali za Akatolika, zina za Anglican, Presbyterian ndi Methodist, yomwe pambuyo pake inalowa mu United Church. Mu 1920 lamulo linakakamiza ana a zaka 7 mpaka 15 kupita kusukulu, ndipo kholo lokana linkatha kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Nthawi zina apolisi ndiwo ankabwera kudzatenga ana pakhomo. Ana pafupifupi 150,000 anadutsa m'sukuluzi. Ya Gordon, ku Saskatchewan, inatsekedwa mu 1996, choncho si nthano yamakedzana. Ambiri mwa ana aja alipo, ndi agogo tsopano, ndipo akulankhula okha.

Akamakumbukira, ambiri amayambira pa tsiku lofika. Kumetedwa tsitsi, kuvulidwa zovala za kwawo, kupatsidwa nambala yolembedwa pa malaya, kusiyanitsidwa ndi mlongo wake amene anabwera naye limodzi, n'kumangomuonera patali m'tchalitchi osaloledwa kumupatsa moni. Mwana wosadziwa Chingerezi kapena Chifalansa akalankhula chinenero cha amake, ankamenyedwa. Mayi Phyllis Webstad anali ndi zaka 6 mu 1973 pamene anapita kusukulu ya St. Joseph's Mission, pafupi ndi Williams Lake. Agogo awo, osauka momwemo, anawagulira malaya atsopano a mtundu wa lalanje oti akayambire sukulu. Atangofika anawalanda malayawo, osawabwezeranso. Pa zonse zimene mukuwerenga pano iyi ikuoneka yaing'ono, koma mayiwa amati kuyambira tsiku lomwelo anayamba kudziona ngati wopanda pake. N'chifukwa chake pa 30 September anthu a ku Canada amavala malaya a mtundu umenewu.

Kenako njala ndi matenda. Boma linkalipira ndalama zochepa pa mwana aliyense, ndiye sukulu zinkadalira thukuta la anawo: theka la tsiku m'kalasi, theka m'munda, kochapa kapena kukhitchini. Mu 1907 dokotala wa boma lomwelo, Peter Bryce, anayendera sukuluzi n'kupeza ana atathithikana m'zipinda zopanda mpweya, odwala chifuwa chachikulu akugona limodzi ndi abwinobwino. M'sukulu 15 zimene anapeza kaundula wake, ana 24 pa 100 alionse anali atamwalira kale. Iye analemba, anachenjeza, koma boma silinachitepo kanthu kooneka. Apa ndiye pamandiwawa kwambiri, chifukwa palibe anganene kuti sankadziwa. M'zaka za m'ma 1940 mpaka 1952 akatswiri a boma anafika pogwiritsa ntchito ana anjalawa poyesera kafukufuku wa zakudya. Kusukulu ya Alberni anasiya dala ana akumwa mkaka wosakwanira kwa zaka ziwiri kuti adzakhale ndi poyerekezera, ndipo m'sukulu zina ana anawaletsa chithandizo cha mano kuti zotsatira zisasokonekere.

Tsono chikwapu chimene mukunenacho. Kusukulu ya St. Anne's ku Fort Albany, kumpoto kwa Ontario, amene anaphunzirako anauza apolisi za mpando wolumikizidwa ku magetsi umene ankakhazikapo ana n'kuwagwidiza shoko, komanso za ana okakamizidwa kudya masanzi awo akasanza chakudya choola. Apolisi anafufuza m'zaka za m'ma 1990 ndipo ena mwa ogwira ntchito anapezeka olakwa kukhothi. Nkhani ya kugwiriridwa ndiyo inali ponseponse, anyamata ndi atsikana omwe, ochita ake ansembe, aphunzitsi, oyang'anira zipinda zogona, penanso ana okulirapo amene nawonso anachitidwa zomwezo ali aang'ono. Pamene boma linatsegula njira yoti ogwiriridwa ndi omenyedwa koopsa akadandaule, anthu pafupifupi 38,000 anabwera. Uku sikulanga mwana, achimwene. Ndi milandu.

Ena ankathawa. Chanie Wenjack anali ndi zaka 12 mu October 1966 pamene anathawa kusukulu ya Cecilia Jeffrey ku Kenora, ya mpingo wa Presbyterian. Kwawo kunali mtunda wa makilomita pafupifupi 600. Anatsata njanji, atavala jekete yopyapyala m'nyengo ya chisanu, m'thumba muli kabotolo ka machesi ochepa. Anamupeza atafa m'mbali mwa njanjiyo, njala ndi kuzizira zitamugonjetsa. Mwana sayamba ulendo wotere chifukwa choti wakana kulima.

Mwina muti, kodi panalibe ansembe ndi masisitere abwino? Analipo. Bungwe lofufuza zoona ndi kuyanjanitsa anthu, limene linatsogoleredwa ndi woweruza Murray Sinclair kuyambira 2009 mpaka 2015, linamva anthu oposa 6,000, ndipo ena anayamikira mphunzitsi amene anawakonda, masewera amene anaphunzira, anzawo amene anapeza. Zimenezo ndi zoona ndipo zinalembedwa. Koma sukulu imodzi imatha kukhala ndi ana awiri ogona mabedi oyandikana, wina n'kudzatuluka ndi satifiketi ndi chimwemwe, wina amene ankadzutsidwa usiku n'kutengedwa kuchipinda china. Woyambayo sananame, wachiwiriyonso sananame. Chimene chinapatsa mpata oipa n'chakuti mwana anali kutali ndi makolo, makalata ake ankawerengedwa asanatumizidwe, ndipo womuzunza ndi yemwe ankamuphunzitsa za Mulungu. Akanakauza ndani? Madandaulo akamveka, kawirikawiri wolakwayo ankangochotsedwa mwakachetechete kapena kusamutsidwa, mbiri ya mpingo n'kutetezeka.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno. Sindikunena kuti sukulu zathu za mishoni zinali ngati za ku Canada, ayi, zambiri zinatsegula maso a dziko lino ndipo ndimaziyamikira. Koma mnzanu wa kalasi imodzi akadzakuuzani kuti kuhositelo kunamuchitikira zakutizakuti, musadzamuyankhe kuti “ife tinali komweko, sitinaone kanthu.” Ku Canada mawu otere ndi amene anatseka anthu pakamwa zaka makumimakumi. Mpaka mu 1990 m'pamene mtsogoleri wotchuka wa eni nthaka, Phil Fontaine, ananena poyera kuti anachitidwa nkhanza kusukulu ya Fort Alexander ku Manitoba, ndipo ena ambiri analimba mtima pambuyo pake. Nthawi yonse ya kukhala chete ija, ululu unkatulukira kwina: mowa, kudzipha, makolo amene sankadziwa kukumbatira ana awo chifukwa iwo eni sanakumbatiridwepo.

Za manda zija munaziona pa Facebook mu 2021 ndinene mosamala. Eni nthaka a mtundu wa Tk'emlúps te Secwépemc analengeza kuti makina oyeza pansi pa nthaka aonetsa malo 215, kenako anati pafupifupi 200, amene akhoza kukhala manda pafupi ndi sukulu yakale ya Kamloops. Makinawa amaonetsa kuti nthaka inasokonezedwa, saonetsa mafupa. Ena amagwira pamenepa n'kumati zonse ndi bodza. Koma imfa za ana sizidalira Kamloops. Bungwe lija linapeza m'makaundula imfa zoposa 3,000, ndipo chiwerengerochi chakwera kupitirira 4,000 pamene kufufuza kukupitirira. Ambiri anaikidwa kusukulu komweko chifukwa boma silinkafuna kulipira zonyamula maliro, ndipo makolo ena sanauzidwe n'komwe.

Kupepesa kunabwera pang'onopang'ono: Anglican mu 1993, Presbyterian mu 1994, United Church mu 1998, nduna yaikulu Stephen Harper mu 2008. Papa Francis anafika ku Maskwacis, ku Alberta, pa 25 July 2022, patapita zaka 7 bungwe lija litapempha kuti Papa akapepese pa nthaka ya Canada.

Ndipo za ndalamazo. Pa mgwirizano wa boma, mipingo ndi amene anadutsa m'sukuluzi, umene unayamba kugwira ntchito mu 2007, aliyense amene anali adakali moyo ndipo anagonera m'sukulu 139 zovomerezedwa anali woyenera kulandira madola a ku Canada 10,000 pa chaka choyamba ndi 3,000 pa chaka chilichonse chotsatira. Munthu amene anatengedwa ali ndi zaka 6 n'kubwerera ali ndi 16, osathanso kulankhula ndi amake, analandira madola 37,000. Ogwiriridwa ankalandira zoonjezera, koma anayenera kufotokoza zonse mwatsatanetsatane pamaso pa alendo. Mabungwe a Katolika analonjeza kuyesetsa kusonkhetsa madola 25 miliyoni othandizira machiritso, koma anasonkhetsa osakwana 4 miliyoni, ndipo mu 2015 anamasulidwa ku lonjezolo. Anthu atakwiya ndi nkhani ya manda ija mu 2021, maepiskopi analonjezanso madola 30 miliyoni. A ku St. Anne's aja anachita kupita kukhothi kuti boma litulutse zikalata za apolisi zotsimikizira madandaulo awo, ndipo khothi linalamula zimenezo mu 2014.