Yambani mwapima mpata wa oyilo musanagule maberingi a crankshaft

Achimwene, mwafunsa kuti pa injini ya masilinda anayi imene mukuimanganso, yomwe mwaiikira turbo ndi crankshaft yachitsulo chosula, mugule maberingi a kampani iti pakati pa ACL, King ndi Clevite, komanso ngati olembedwa HX ali olimba kuposa olembedwa H. Makampani atatu onsewa amapanga maberingi odalirika a injini zampikisano, choncho dzina la pabokosi lisakusowetseni tulo. Chimene chidzakusankhireni beringi ndi mpata umene udzatsale pakati pa beringiyo ndi crankshaft mukamanga mabawuti, ndipo mpatawo simungaudziwe musanapime.

Chilembo cha X sichinena za kulimba. Kwa ACL ndi Clevite, HX ndi beringi yomweyo ya H koma yopyapyalako, kotero kuti imawonjezera mpata ndi 0.001 inchi, amene ndi 0.025 mm, a King amalemba STDX pa yofanana nayo. Mukaiika pamalo pamene mpata unali wokwanira kale, mwadziputira nokha vuto.

Injini ikamayenda, crankshaft siyenera kukhudza beringi n'komwe, chifukwa imayandama pa oyilo wopyapyala kwambiri amene iyo yomwe imamukokera pansi pake pozungulira. Mpata ukachepa, oyilo sadutsa wokwanira kuchotsa kutentha, ndipo popeza pa liwiro lalikulu crankshaft imapindika pang'ono pamene bowo la conrod (mkono wolumikiza pisitoni ndi crankshaft) limatamuka, zitsulo zimakhudzana, beringi imamatirira n'kuyamba kuzungulira m'malo mwake, injini n'kunoka. Mpata ukakula kwambiri, oyilo amathawira m'mbali ndipo puresha imagwa injini ikatentha. Poyambira pamene amisiri ambiri amagwiritsa ntchito ndi 0.001 inchi pa inchi iliyonse ya kunenepa kwa journal (malo osalala a pa crankshaft pamene pamakhala beringi), ndiye kuti journal ya 50 mm imafuna mpata wa pafupifupi 0.05 mm, ndipo pa injini yogwira ntchito yolemera amawonjezerapo 0.013 mm. Ngati buloko yanu ndi ya aluminiyamu, kumbukirani kuti imafufuma kuposa chitsulo ikatentha, motero mpata wa maberingi a main, amene amagwira crankshaft m'buloko, umakula wokha. Pamenepo tsatirani manambala a m'buku la injiniyo.

Popima, gwiritsani ntchito micrometer pa journal iliyonse, malo angapo, kuti muone ngati ili yobulungira bwino. Kenako ikani maberingi m'malo mwake opanda crankshaft, mangani mabawuti pa torque yoyenera, ndipo mupime bowolo ndi dial bore gauge molunjika kuchokera pamwamba kupita pansi, osati pafupi ndi polumikizira zibenthu ziwiri za beringi, chifukwa pamenepo beringi anaipanga dala yopyapyala. Plastigauge, kaulusi kapulasitiki kopimira mpata, ndi yabwino potsimikizira kuti simunasokoneze penapake, koma ine sindingadalire iyo yokha pa injini ya turbo. Ngati mwasintha mabawuti n'kuika amphamvu monga a kampani ya ARP, pimaninso kubulungira kwa mabowo a conrod ndi a buloko, pakuti kumanga kwamphamvu kumawapotoza, ndipo mwina adzafunika kuwongoledwa pamakina. Crankshaft ikakhala yopalidwa, maberingi ake ndi ochindikalapo, olembedwa 0.25, 0.50 kapena 0.75 mm malingana ndi mmene anaipalira.

Mukapeza kuti H yathinitsa pamene HX yasiya mpata waukulu kwambiri, n'zololedwa kuphatikiza chibenthu chimodzi cha H ndi china cha HX, za kampani imodzi ndi mtundu umodzi, kuti mpata usinthe ndi theka lokha. Chibenthu chochindikala chipite kumene kumagwera katundu: pamwamba pa conrod, ndi pansi pa main.

Pali chinthu china chimene ambiri amachiiwala, ndipo chikukukhudzani mwachindunji. Pamene journal imakumana ndi tsaya la crankshaft pali kangodya kokhota, ndipo pa crankshaft zosula zogula padera kangodyako kamakhala kakakulu kuti chitsulo chisang'aluke. Beringi wamba ndi yotambalala, choncho m'mphepete mwake mumakwera pa kangodyako. Ndinaphunzira zimenezi movutikira pa injini imene ndinamanga ndekha: mpata unali wolondola, crankshaft inkazungulira ndi dzanja ngakhale molimbirako, koma nditamasula patapita nthawi yochepa ndinapeza kamzere kofiirira ka kopa m'mphepete mwa beringi iliyonse ya conrod, mbali imodzi yokha, pakati pali posalala ngati patsopano. Gulani maberingi ochepetsedwa m'lifupi kapena osemedwa m'mphepete, ndipo poika onani zilembo zosonyeza chapamwamba ndi chapansi, kuti mbali yosemedwa iyang'ane ku kangodya.

Za chimene anapangira, pali mitundu iwiri. Maberingi a bimetal ndi chitsulo chokutidwa ndi aluminiyamu wosakaniza tini ndi silikoni. Amakhalitsa pa injini za tsiku ndi tsiku. A trimetal ali ndi chitsulo kumsana, kopa wosakaniza mtovu pakati, ndi kachikuto kofewa pamwamba kamene kamameza tizinyalala ndi kulolera crankshaft ikapindika. Pa mphamvu imene mukufunayo ndingasankhe trimetal yampikisano, yomwe kachikuto kake n'kopyapyala kuti kasamatekeseke ndi kugunda kwa pisitoni, ngakhale kuti kupyapyalako kumachititsa kuti isamakhululuke oyilo wakuda. Pa main, ngalande ya oyilo ikhale pa chibenthu chapamwamba. Ngalande yozungulira ponse imadula malo onyamula katundu pansi.

Poika, kumsana kwa beringi kukhale kouma ndi koyera, mafuta omangira injini apakidwe kumaso kokha. Kamlomo kakang'ono ka paberingi kamangothandiza kuilunjikitsa. Chimene chimaigwira ndi kupanikizika kwa zibenthu ziwirizo mabawuti akamangidwa, n'chifukwa chake musayerekeze kupala nsonga zake ndi fayilo. Tsukani njira zonse za oyilo za m'buloko ndi m'crankshaft ndi kaburashi, pimani kusewera kwa crankshaft kutsogolo ndi kumbuyo pa thrust bearing, yomwe imachepetsa kusewerako, ndipo oyilo asankhidwe molingana ndi mpata, wolemererapo ngati mpata ndi waukulu. Wokonza kompyuta ya injini aonetsetse kuti mafuta sakuphulika nthawi isanakwane, chifukwa kugogoda kumeneko kumasinja chibenthu chapamwamba cha conrod ngakhale chikhale cha kampani iti.

Mukapima, lembani pano manambala a journal iliyonse ndi a bowo lake, pamodzi ndi mtundu wa buloko ndi oyilo amene mukufuna kugwiritsa ntchito, kuti tione ngati mukufunika H, HX kapena zophatikiza.