Tifunseni za Kompyuta: Kuphunzira Kulemba Timapulogalamu ta BBS

FUNSO: Ndamva kuti ma BBS, makompyuta aja anthu ankaimbira pa foni kuti asiyirane mauthenga, akadalipo. Ndikufuna kukhazikitsa yanga n'kumaikamo timapulogalamu todzilembera, koma chibadwire sindinalembepo pulogalamu. Ndiyambe ndi chilankhulo chiti?

YANKHO: Akadalipo ndithu. Yoyamba inali CBBS, imene Ward Christensen ndi Randy Suess anayambitsa ku Chicago mu 1978. Masiku ano anthu amalowamo pa intaneti, kudzera pa telnet kapena SSH (njira zolowera mu kompyuta yakutali), m'malo mwa modemu, kachipangizo kolumikiza kompyuta ku foni.

Chilankhulo chimabwera ndi pulogalamu ya BBS imene mwaika, monga PCBoard, Mystic kapena Synchronet. PCBoard yakale ija inali ndi PPL. Mystic ili ndi MPL, chofananako ndi Pascal: mumalemba fayilo ya .mps, kenako kapulogalamu kotchedwa mplc kamaisandutsa .mpx kuti igwire ntchito. Synchronet ili ndi ziwiri, Baja ndi JavaScript. Ife tikuti yambani ndi JavaScript ya Synchronet. Fayilo mukaisunga imayenda pomwepo osadikira kuisandutsa, komanso zimene mwaphunzirazo mudzazigwiritsa ntchito kwina ngakhale mutadzasiya za BBS.

Ikani Synchronet pa kompyuta yanu, pamodzi ndi SyncTERM, pulogalamu yolowera mu BBS. Uzani SyncTERM ilumikizane ndi 127.0.0.1 pa port 23 (port ndi ngati khomo lolowera mu kompyuta). Nambala ya 127.0.0.1 ndi kompyuta yanu yomweyo, choncho zolakwa zanu palibe wina aziona. Pa Linux ma port osafika 1024 amafuna chilolezo chapadera, ndiye ikakana, sinthani BBS imvetsere pa 2323.

Kenako lembani mizere isanu ndi umodzi iyi, muisunge ngati moni.js mu foda ya mods:

console.clear();
console.print("Moni, " + user.alias + "!\r\n");
console.print("Lembani mawu: ");
var mawu = console.getstr(40);
console.print("Mwalemba: " + mawu + "\r\n");
console.pause();

Mzere woyamba ukufufuta za pasikirini. Wachiwiri ukutenga dzina la munthu amene walowa. Wachinayi ukudikira alembe zilembo zosapitirira 40, ndipo womaliza ukuimitsa zinthu mpaka adine batani. Womalizawu ambiri amauiwala, ndiye mawu amangothwanima kamodzi, menyu n'kuwaphimba, iwo n'kumati pulogalamu yakanika. Kuti kapulogalamuka kayende, tsegulani SCFG, pulogalamu yosinthira makonzedwe a Synchronet, pitani pa External Programs, onjezani pulogalamu yatsopano, ndipo pa mzere wa lamulo lembani ?moni.js. Chizindikiro cha funsocho n'chimene chimauza Synchronet kuti fayiloyi ndi ya JavaScript.

Za foda ya mods zija musazitenge mopepuka. Mu foda ya exec muli mapulogalamu obwera ndi Synchronet, ndipo kuwawerenga ndi sukulu yabwino kwambiri. Koma mukasintha fayilo ili momwemo, tsiku lokweza Synchronet ntchito yanu idzafufutika. Ikopereni mu mods n'kusinthira mmenemo, chifukwa Synchronet imayamba yayang'ana mu mods isanapite mu exec.

FUNSO: Kapulogalamu kanga kakuyenda, koma mawu akutsika ngati masitepe, mzere uliwonse kuyambira pamene unathera unzake. Mabokosi amene ndinajambula akuonekanso ngati zilembo zachilendo. Ndalakwitsa pati?

YANKHO: Masitepewo akubwera chifukwa mwalemba \n yokha. Iyo imangotsitsa mzere, pomwe \r ndi imene imabwezera kumanzere, ndiye zimayendera limodzi: \r\n. Za mabokosizo n'zakuti ma BBS ambiri amagwiritsa ntchito zilembo za CP437, za makompyuta akale a IBM, koma pulogalamu yanu yolembera yasunga fayilo mu UTF-8, kasungidwe kena ka zilembo. Mu UTF-8 kachizindikiro kamodzi ka bokosi kamatenga mabayiti atatu, ndipo sikirini ya CP437 imawaonetsa ngati zilembo zitatu zosagwirizana. Jambulani mabokosi ndi pulogalamu yojambulira zithunzi za zilembo (ANSI) monga PabloDraw. Mzere usapitirire zilembo 79, pakuti sikirini ili ndi malo 80 ndipo chilembo cha 80 chimatha kudumphitsa mzere.

FUNSO: Ndinalemba kamasewera kosunga zigoli mu fayilo. Ndikamayesa ndekha kali bwino, koma anthu akalowa kamataya zigoli, mwinanso kamangoima.

YANKHO: BBS imalandira anthu angapo nthawi imodzi, aliyense pa malo ake otchedwa node, ndipo onsewo angafune fayilo imodzimodziyo. Wina akaitsegula, lamulo lotsegulira fayilo la open limatha kubweza false (kukana) kwa mnzake, ndipo pulogalamu yosayang'ana zimenezi imapitirira ngati yasunga chikhalirecho sinasunge kanthu. Choncho yang'anani zimene open yabweza, ikakana dikirani pang'ono n'kuyesanso. Tsegulani fayilo pokhapokha pofuna kulemba, n'kuitseka nthawi yomweyo. Musaisiye yotsegula kwinaku mukudikira munthu adine batani, chifukwa mwina wadzukapo pa kompyuta.

Kuimako nthawi zambiri kumachokera pa while (true), lamulo lobwereza zinthu osalekeza. Munthu akaduka mwadzidzidzi, pulogalamu imangofunsabe munthu woti kulibe. Lembani while (bbs.online) m'malo mwake, kuti izibwereza pokhapokha munthu akadalimo. Poyesa, tsegulani SyncTERM kawiri, lowani ndi mayina awiri, sewerani mbali zonse, kenako tsekani imodzi masewera ali mkati n'kuona ngati node yake yamasuka.