Amuna anu sanapenge mayi, usiku wa Freddy uja sunawachoke m'thupi

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Blantyre, dzina ndabisa monga anapempha. Mwachidule akuti amuna awo anali ku Chilobwe usiku uja wa namondwe wa Freddy mu March 2023 pomwe Napolo anatsika ndi matope ndi miyala kuchokera kuphiri la Soche. Anapulumuka, koma kutacha anakumba ndi manja awo anthu owadziwa, kuphatikizapo mwana wa aneba. Pano mitambo ikangoda bambowa sakhazikika, mvula ikamagwa usiku amachezera atakhala tsonga pakhomo nsapato zili kuphazi, akagona amadzidzimuka akukuwa, anayamba kachasu pomwe kale samalawa nkomwe, mwana akagwetsa mbale amakalipa moopsa. Achibale ena akuti analodzedwa. Funso lawo ndi ili: "Kodi amuna angawa apenga? Nanga counselling amanenayo ingathandize chani, si kungocheza basi?"

Mayi, pepani kwambiri, mwasenza zambiri ndipo mukusenza nokha. Amuna anu sanapenge. Zomwe mwalembazi zikufanana kwambiri ndi vuto lomwe achipatala amalitcha PTSD, kuvutika maganizo komwe kumatsalira munthu akakumana ndi zoopsa, ngakhale woti atsimikize ndi dokotala atawaona maso ndi maso. Dzinali linalowa m'mabuku a madokotala ku America mu 1980, ataona asilikali obwera ku nkhondo ya ku Vietnam akuvutika chimodzimodzi zaka zambiri nkhondo itatha, koma limagwira aliyense, wogwiriridwa, wopulumuka pangozi ya minibasi, wothyoledwa nyumba ndi achifwamba, olo amene anangoona ndi maso zikuchitikira mnzake.

Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, ntchito yake ili ngati ya mlonda, kakaona zoopsa kamaliza wezulo ndipo thupi limatulutsa adrenaline, mtima umathamanga, miyendo imakonzeka kuthawa. Usiku uja mlondayu anagwira ntchito yake bwino, mwina ndi amene anawapulumutsa. Vuto ndi loti sanauzidwe kuti zinatha. Nde pano akangomva mvula pamalata olo fungo la dothi lonyowa akuliza wezulo yomweyo, ndipo thupi la bambo likuyankha ngati Napolo ali pakhomo lero lino. Nsapato zijatu si misala, ndi munthu wokonzeka kunyamula ana ake n'kuthawa. Ine pamenepa ndikuona bambo wokonda banja lake amene watopa kwambiri.

Anthu ambiri akakumana ndi zoopsa amavutika masabata oyamba kenako zimayamba kuzilala zokha, makamaka ngati ali ndi abale owagwira pamkono. Koma zikapitirira mwezi n'kumasokoneza tulo, ntchito ndi banja, nthawi payokha siithandiza kwenikweni. Ndipo apa ndi pomwe ndimasiyana ndi aja amati "iwalani, zinapita, mwamuna salira". Kupewa ndi komwe kumasunga vutoli. Munthu akamathawa kuganizira, kuthawa njira yodutsa kuja, kuthawa kukamba, amapezako mpumulo kwa maola ochepa koma ubongo umangotsimikiza kuti eya, chinthu chija nchoopsadi mpaka pano. Kachasu nayenso ndi kuthawa komweko, amagonetsa msanga koma tulo take timakhala toduladula ndipo maloto oipa amabwera ndithu chakum'bandakucha.

Nde counselling si kungocheza ayi, bola wothandizayo akhale munthu wophunzitsidwa za trauma, kutanthauza bala la mumtima lobwera ndi zoopsa. Sayamba ndi kufunsa kuti tafotokozani zonse munaona. Amayamba ndi kumuphunzitsa munthu kukhazika thupi pansi, kupuma pang'onopang'ono, kuponda pansi n'kutchula zinthu zomwe akuziona m'chipindamo kuti maganizo abwerere ku lero. Akalimba ndi pomwe amayamba kulowa mu nkhani ija pang'onopang'ono, kubwereza kangapo, mpaka thupi lizolowere kuti kukumbuka si kufa. Njira ina yomwe inayesedwa pakati pa anthu othawa nkhondo ku Uganda, amaitcha Narrative Exposure Therapy, imandigwira mtima. Amayala chingwe pansi, chingwecho ndi moyo wa munthuyo kuyambira pobadwa, pa chilichonse chowawa amaika mwala, pa chosangalatsa amaika duwa, ndipo kumapeto chingwe china chimatsala chokulunga chifukwa moyo ukadalipo kutsogolo. Kenako amayenda limodzi mwala ndi mwala, munthu akufotokoza, wothandizayo akulemba, mpaka usiku woopsa uja upeze malo ake, tsiku lakuti chaka chakuti, pakati pa ukwati wawo ndi tsiku lomwe mwana anakhoza mayeso, osati kumangotulukira paliponse.

Amagwiranso maganizo odziimba mlandu, ndipo ndikuganiza kuti amuna anu ali nawo pa mwana wa aneba uja, zoti ndikanadzuka msanga, ndikanakumba mwachangu. Mawu amenewa munthu sauza mkazi wake chifukwa cha manyazi, koma amamudya mkati usiku uliwonse.

Mu 2013 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza njira ziwiri pa vutoli, CBT (counselling yothandiza kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe) yolunjika pa trauma ndi EMDR yomwe anayambitsa Francine Shapiro, ija munthu amakumbuka chinthucho uku maso akutsatira chala cha wothandiza uku ndi uku. Linachenjezanso za mapiritsi ogonetsa ngati diazepam kwa munthu amene wangokumana kumene ndi zoopsa, nde chonde musakawagulire pagolosale olo kupempha kwa mnzanu. Ndipo musaganize kuti izi ndi za azungu okha. Ku Lusaka anaphunzitsa anthu wamba kupereka CBT imeneyi kwa ana amasiye ndipo anawo anapeza bwino kwambiri, ku Harare Dixon Chibanda anayamba Friendship Bench ndi agogo opereka counselling atakhala pabenchi kunja kwa kiliniki. Nthawi zambiri ndi nkhani ya miyezi ingapo, kukumana kamodzi pasabata. Masabata oyamba pena maloto amawonjezeka kaye, musadabwe n'kusiya.

Za mapemphero sinditsutsa, pitirizani, abusa abwino ndi mzati. Chomwe ndimakana ndi kumuuza munthu wovutika chonchi kuti chikhulupiriro chake nchochepa, olo kumukuwira pagulu kuti chiwanda tuluka, akabwera kunyumba amakhala wonyazitsidwa kuposa kale.

Inu mbali yanu, musawakakamize kufotokoza. Sankhani tsiku lopanda mitambo, asanamwe, muwauze zomwe mukuona osati zomwe akulakwa, mwachitsanzo "bambo, ndikuona simukugona, tiyeni tikaonane ndi adokotala, ndikuperekezani". Amuna ambiri savomera mawu oti counselling koma za kusowa tulo amavomera. Ku Blantyre yambirani ku health centre yanu akutumizeni ku Queens komwe kuli kiliniki ya matenda a maganizo, kuli Zomba Mental Hospital, komanso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikutanthauza kugonekedwa, ambiri amaonedwa n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Mukafika musangoti mutu ukupweteka, akupatsani panado n'kukubwezani. Nenani mosabisa kuti zinayamba pambuyo pa Freddy, tchulani maloto, mowa ndi ukali.

Koma ngati ayamba kukamba zoti bola kufa, kugawa katundu wawo olo kutsanzika modabwitsa, musadikire tsiku labwino, bisani tameki ndi zingwe, itanani mbale wawo amene amamumvera mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo ukaliwo ukafika pokumenyani inu kapena ana, matenda si chilolezo, pitani ku Victim Support Unit kupolisi, za ana imbani 116 ndi yaulere. Anawonso muwayang'ane, ngati wina wayamba kukodza pogona kapena kukana kusukulu kukagwa mvula, mutchulenso kwa adokotala pa ulendo womwewo.